Maliro Abodza ku Pembamoyo

Tsiku lomwe tinkajambula sewero lathu la kusukulu, ndinadzuka ndili bwana. Aliyense ndinkamukumbutsa kuti dairekita ndine, ngakhale Yamikani, mnzanga wodyera naye mbale imodzi, amene anachita kubwereka foni kwa achimwene ake kuti atijambule.

Gawo la maliro tinakachitira kwa azakhali anga ku Pembamoyo. Azakhaliwo anandiuza kuti ndiyambe ndadziwitsa anthu a m'mudzimo, koma ndinaona ngati n'kutaya nthawi. Tinagoneka mnzathu wina pamphasa, kumufunditsa chitenje, atsikana n'kuyamba kulira. Ndinawakalipira kuti akulira ngati anthu okhuta, akweze mawu. Anakwezadi.

Posakhalitsa anthu anayamba kufika, atasiya makasu kumunda. Amayi ena anasenza nkhuni, ena ufa, kulira atayambira kunjira. Mtembo wathu utamva zimenezo unadzuka n'kuthawa.

Abambo ena achikulire anati mwaukali, "Awa ndi malodza! Mukutiitanira imfa m'mudzi muno. Wamkulu wa zimenezi ndani?"

Kenako ndinangoona chala changa chaloza Yamikani. "Ndi uyu, mwini foni."

Yamikani sanakane. Anangondiyang'ana, foni ikadali m'manja. Madzulo onse anayenda yekha khomo ndi khomo, akugwada kupepesa, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe ya azakhali.

Masiku ano Yamikani amajambula maukwati ku Chipata. Tikakumana pa boma, nkhaniyo saiyamba n'komwe. Amangovula chipewa mwaulemu n'kuti, "Muli bwanji, a dairekita?"