Makope atatu a achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire. Ndinagona pamkeka panja pamodzi ndi amuna ena, ndipo amayi a mpingo m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Ndinali nditafika ku Malindi dzulo lake kuchokera ku Blantyre, kumene ndinkagwira ntchito ku nyuzipepala, kudzaika achimwene anga aakulu, amene kale anali mphunzitsi.

Alamu anga, mkazi wa malemuwo, anandikodolera kuseri kwa khola la mbuzi. Anatulutsa makope atatu m'chitenje, ndipo ndinawatsegula powala tochi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi achimwene ankamvera mobisa mawailesi akunja, nkumalemba zonse zimene akatswiri a ndale ankalosera za dziko lino. Tsamba lililonse analigawa pawiri. Kumanzere ulosi ndi tsiku lake, kumanja zimene zinachitika. Katswiri wina anati mkulu wolamulira dziko sadya chimanga chatsopano. Wina anati asilikali alanda boma mvula isanagwe. Wina anati chisankho chichitika pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mawu omwewo ndinawapezanso m'kope lachiwiri ndi lachitatu. Kumanja mawu anali amodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi: sizinachitike.

Ndinapsa mtima. Achimwene anachotsedwa ntchito chifukwa chokana kukapepesa kwa akuluakulu a chipani. Ankati kupepesa nkwa chiyani poti akatswiri anena kuti zatsala pang'ono. Anadikira akusoka maukonde a anthu mpaka maso anachita chidima. Amene ankaloserawo palibe anataya ntchito. Anangosintha mwezi.

Koma nkhawa ya alamu inali ina. Mawa lake achibale anayenera kutsegula sutukesi ya malemu pamaso pa onse, ndipo makope otere akanatengetsa alamu ndi ana awo anayi. Ndinati tiwatenthe. Anandilozera mafuwa. Moto unali utayaka kale malo asanu, uliwonse utazunguliridwa ndi amayi ophika nyemba ndi usipa. Wamasiye wotentha mapepala tsiku la maliro amafunsidwa mafunso, ena a chipani, ena a ufiti. Tinagwirizana zowasokera m'pilo wa m'bokosi la maliro. Alamu anasoka okha kuchipinda, ine nditaima pakhomo ngati ndikulandira anthu.

Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika. Lole ya ku Mangochi inatsitsa aphunzitsi anzawo akale. Mabwato awiri ochokera ku Makanjira anakocheza mofulumira, poti msodzi wina wachikulire anawachenjeza kuti mwera uwuka isanakwane leveni koloko. Asilamu a m'mudzi woyandikana anabwera ndi nkhuni nkukhala pansi pa mtengo wa mango. Wapampando wa chipani anafika ndi anyamata ake atatu, anapatsidwa mpando pafupi ndi khomo.

Mwera unawuka nthawi ya teni ndi theka. Ndinayang'ana wotchi.

Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda ndi kukonza thupi, analowa kudzagoneka malemu m'bokosi. Wamkulu wawo ndinamuzindikira. Ndi yemwe ankaima pamsika kufunsa makadi a chipani. Anatenga pilo uja, anamufinya kawiri, kenako anandiyang'ana ine, nkuyang'ananso alamu. M'chipindamo munali anthu asanu ndi awiri.

"Pilo wa aphunzitsi ngwouma ngati mutu wawo," anatero.

Adzukulu amaloledwa kunyoza pamaliro, choncho ena anaseka pang'ono. Iye anaika pilo, anagoneka mutu bwinobwino, anapempha misomali. Ndinawerenga kukhoma kwake. Misomali inali khumi ndi iwiri.

Tinanyamuka cha m'ma wani koloko, mtanda patsogolo, fumbi likutilowa m'maso. Panjira mphunzitsi wina wopuma anandiyandikira nkunong'ona kuti katswiri wina wanena pa wailesi kuti Khirisimasi ino tidya tili pa ufulu. Ndinamufunsa ngati anali yemwe uja wa chaka chatha. Anati ndi yemweyo, koma tsopano ali ndi umboni. Ndinakalowa m'malo mwa wina kunyamula bokosi.

Kumanda ansembe anafupikitsa mapemphero chifukwa cha mphepo. Wapampando analankhula mphindi makumi awiri, nkulosera kuti chipani chidzalamulira mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu. Anthu anawomba m'manja mmene amawombera. Ine maso anali pa dothi, ndipo sindinachoke mpaka mtumbira utakwera.

Madzulo alendo anabalalika. Mphepo inaleka. Ana anagona osavula. Alamu anakhala pakhonde atatambalala, ine pampando wa achimwene.

"Alamu, inu a nyuzi mumamva zambiri," anatero alamuwo. "Mundiuze zoona. Zimenezi zitha liti?"

Ndinaganizira zimene timanong'onezana ku ofesi, mayina ndi miyezi. Zonsezo ndinali nditaziwerenga m'mawa uja.

"Sindikudziwa, alamu."

Anagwedeza mutu, nkudzuka kukatseka chitseko cha khola.

"M'nyumba muno ndinu woyamba kunena choncho," anatero. "Mawa ndikagula khadi la chipani. Ana akufunika sukulu."