Tsitsi la Kachipewa

Ku nyumba yosungira ana amasiye kumene mayiyu ankathandiza palibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Ana anamupatsa la Anti Chipeso, poti chipeso sichinkachoka m'thumba la epuloni yake, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka a Matroni omwe ankamutchula choncho pa misonkhano. Kwawo anali woluka tsitsi, mwini saluni ya mipando iwiri ndi galasi long'aluka pakona. Mpingo wawo utalengeza kuti ukufuna anthu odzipereka kukathandiza kwa miyezi ingapo kutsidya kwa nyanja, mayiyu anakweza dzanja asanafunse n'komwe mwamuna wake. Bamboyo atamva anangoti kukamwa yasa.

"Inuyo ndege, mayi? Inu amene mumachita chizungulire m'basi?"

"Ana athu akula, bambo. Manja angawa azingoluka akwatibwi mpaka liti?"

Saluni anaisiyira mng'ono wake, namulangiza mpaka mng'onoyo anatseka makutu. Ananyamuka ndi sutikesi imodzi, theka lake zipeso ndi mafuta a tsitsi.

Atafika anapeza kuti pa nyumba ya ana kuluka ndi ntchito yaing'ono kwambiri. Mmawa unkayamba ndi matewera a makanda a m'chipinda chapansi. Kenako kudzutsa okulirapo a m'chipinda chapamwamba, kusaka nsapato pansi pa mabedi, kupaka buledi majarini, kupukuta tiyi wotayika, kuthamangitsa ochedwa kuti basi ya sukulu isawasiye. Masana kunali kuchapa. Makina ochapira a panyumbapo ankanjenjemera ngati agwidwa malungo, komanso anali akuba: ukalowetsa masokosi awiri inkatuluka imodzi. Dzikolo linali lozizira, moti Anti Chipeso ankavala majuzi awiri ana akumuseka. Chinenero cha kumeneko anachiphunzira kwa ana omwewo, ndiye mawu oyamba kuwadziwa anali akuti "sindikufuna" ndi "wandimenya". Madzulo ankagona msana uli wa eni, koma sanadandaulepo. Ntchitoyo ankaikonda.

Loweruka ndiye linali tsiku lake. Ankakoka mpando n'kuuika pafupi ndi zenera la chipinda chodyera, pamene pankalowa kadzuwa, atsikana n'kundanda pa benchi aliyense akulimbirana kukhala woyamba. Mwana ankakhala pa pilo pansi, pakati pa maondo ake, ndipo podzuka ankathamangira ku galasi la kubafa khosi lili gwa.

Mtsikana mmodzi yekha ndiye sankabwera pa benchipo. Anali wa zaka zisanu ndi ziwiri, woonda, wovala chipewa chaubweya chobiriwira usana ndi usiku. Posamba ankachigwira ndi dzanja limodzi. Anzake ankamuti Kachipewa. Sanali mwana wovuta ayi. Ankadya bwino, kusukulu ankapita, ndipo ankakonda kuthandiza kupinda zovala. Koma dzanja la munthu likangoyandikira kumutu kwake, ankathawira pansi pa masitepe osatulukako mpaka nthawi ya chakudya.

Nkhani yake anaifotokoza ndi wophika, mayi wonenepa wa pakamwa posatseka, tsiku lina akusenda mbatata.

"Achemwali, mwana ujayo musamuone choncho. Mayi ake anamuluka ali pa bedi kuchipatala, iye atakhala pa kampando pambali. Sipanapite nthawi, anatisiya. Kuyambira pamenepo palibe wakhudzapo. Akuti mukamasula, ndiye kuti amayi mwawachotsa."

Anti Chipeso anangoti, "Kalanga ine," n'kupitiriza kutsuka mapoto. Anaona kuti si nkhani yothamangira.

Koma nsabwe sizidikira munthu. Sabata ina ana atatu a m'chipinda chapamwamba anayamba kukanda m'mutu, ndipo nesi amene ankabwera pakati pa sabata anawapaka onse mankhwala, kupatula Kachipewa. Kenako anamuitanira Anti pakhonde. Anali mtsikana wodekha, nesiyo, ndipo zinkaoneka kuti nayenso zikumupweteka.

"Anti, ndayesa kumunyengerera, ndalephera. Akukanda mpaka kutuluka magazi kunkhongo, ndipo akupatsira anzake. A Matroni ati Loweruka la sabata yamawa, akapanda kulola kuti timasule ndi kutsuka, timugwira n'kumumeta mpala. Sitikufuna, koma titani nanga?"

"Mundipatse masiku amenewa, a Nesi. Lumo lisatuluke kaye."

Mawa lake masana Kachipewa anabwera m'chipinda chochapira monga mwa nthawi zonse. Anakhala pa dengu lovundikira n'kuyamba kuphatikiza masokosi. Anti Chipeso sanazungulire. Ankadziwa kuti mwana wamasiye mabodza a akuluakulu amawanunkhiza patali.

"Mwanangu, wamva zimene a Nesi anena?"

Mwanayo anagwira chipewa ndi manja onse awiri.

"Ine sindikugwira. Taona, manja ndaika kumbuyo. Ndikungofuna kuona ntchito ya amayi ako. Inenso ndine woluka, ndimakonda kuona mmene anzanga amalukira."

Makina anazungulira, anazungulira. Anti anaima chomwecho manja ali kumbuyo mpaka mapewa anayamba kuwawa. Kenako Kachipewa anakweza chipewa pang'onopang'ono, koma osachisiya.

Zinali zomvetsa chisoni. Tsitsi linali litakula pansi, mizere itakwera m'mwamba n'kupotana, fumbi ndi ubweya wa chipewa zitamatirira, timazira ta nsabwe tili mbuu kuseri kwa makutu. Komabe ntchito ya mayi uja inkaoneka. Mizere inkayambira pamphumi n'kukhotera kukhutu, umodzi wapakati unali wokhota ngati wolukayo anatopa dzanja, ndipo nsonga zonse anazimanga ndi ulusi wofiira. Anti anawerama, kuyang'anitsitsa mmene tsitsi linkalowera m'mzere.

"Iwe, amayi ako anali amanzere?"

Kachipewa anatembenuka msangamsanga, maso ali tong'o.

"Mumawadziwa?"

"Sindinawaonepo, mwanangu. Koma tsitsili likunena. Wamanzere amatola tsitsi kuchokera mbali iyi, ife timatola mbali inayo."

"Supuni ankagwira ndi dzanja ili," mwanayo anatero, akukweza lamanzere. "Ndi singano yomwe."

Tsiku limenelo analankhula zambiri kuposa miyezi yonse imene Anti anakhala panyumbapo. Pamapeto pake analola kuti mutu aujambule pa foni, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Anti anamuuza zoona zokhazokha: kuti nsabwe sizingachoke popanda kumasula, koma iye akhoza kubwezera mizere yomweyo, pamalo pomwepo, ndi ulusi womwewo. Kachipewa sanavomere, sanakanenso. Anangovala chipewa chake n'kutuluka.

Tsopano vuto linatsala kwa Anti mwini. Zaka zonsezi analuka ndi dzanja lamanja, ndipo lamanzere linali mlendo pa ntchitoyi. Anafunika mutu wophunzirira, ndiye anapita kukhitchini.

"Achemwali, ndibwerekeni mutu wanu."

"Mutu wanga? Nanga ine ndiziganiza ndi chiyani?"

"Kodi mumauganizira? Ndimayesa mumangonyamulira duku."

Wophika anaseka mpaka kutsokomola, navula duku. Masana aliwonse mapoto akatsukidwa ankakhala pa mpando wa kukhitchini, foni itatsamira botolo la mafuta, Anti akuluka ndi kumasula, kuluka ndi kumasula. Zala zinkasokonezeka ngati za wophunzira. Poyamba wophika anatuluka ndi mizere yoti ngakhale mwamuna wake sakanamuzindikira, ndipo analumbira kuti akamusumira kwa a Matroni. Koma mawa lake anabweranso yekha, duku lili m'manja. Nthawi zina Kachipewa ankaima pakhomo la khitchini, kuonerera. Tsiku lina analoza ndi chala.

"Wapakatiwo sunakhote."

"Zoona," anatero Anti, n'kuumasula.

Loweruka lija linafika. A Matroni anatenga atsikana ena n'kupita nawo kukasewera kupaki kuti m'nyumba mukhale bata. Anti anaika mpando pazenera paja, pilo pansi, beseni la madzi ofunda, thaulo, mankhwala a nesi ndi sosala yaing'ono. Kenako anakhala, manja pamiyendo. Nesi anali mu ofesi chitseko chili chotseka. Anti ankadziwa kuti mwanayo akapanda kutsika, madzulo ake kudzamveka kulira kwa munthu wogwidwa manja ndi miyendo, ndipo pambuyo pake sadzakhulupiriranso wamkulu aliyense.

Madzi atayamba kuzizira, masitepe analira. Kachipewa analowa, anayang'ana beseni, anayang'ana sosala.

"Imeneyo ndi ya chiyani?"

"Ya ulusi wa amayi ako. Uigwira ndiwe."

Anakhala pa pilo, navula chipewa yekha.

Kumasula kunatenga nthawi yaitali. Anti ankadontheza mafuta, kulowetsa mchira wa chipeso, kumasula pang'ono, kupuma. Ulusi uliwonse ankauika m'sosala, mwanayo ataigwira ndi manja awiri ngati muli mazira. Pena tsitsi linali litagwirana ngati chingwe, koma sanadule ngakhale pamodzi. Atatha anapaka mankhwala, anatsuka, madzi n'kuda bii, anatsukanso, napesa ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono mpaka timazira tonse titatha. Ulusi uja anauviika m'madzi otentha n'kuuyanika pazenera. Nesi anasuzumira kamodzi, anagwedeza mutu, n'kubwerera mwakachetechete.

Tsitsi litauma, Anti anaimika foni pa benchi, anagawa mzere woyamba kuchokera pamphumi, nayamba ndi dzanja lamanzere. Analuka mosamala kwambiri, mopepuka, kuopa khungu limene linali litavutika kale. Mzere unatsika bwinobwino mpaka kukhutu. Anauyerekeza ndi wa pa chithunzi, anaona kuti ndi womwewo, mtima n'kukhala pansi.

Kachipewa anakweza dzanja, napapasa mzerewo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Si choncho."

Anti anayang'ananso foni.

"Ndalakwitsa pati, mwanangu? Tandionetsa."

"Sizikupweteka."

"Eya, sindikufuna kuti zikupweteke."

"Amayi ankakoka," mwanayo anatero, akuyang'ana sosala. "Ankakoka kwambiri. Ine ndikalira ankati, khala chete iwe, ukuyendetsa mutu."

Anti anaika chipeso pansi.

"Ukufuna ndikoke?"

Mwanayo anavomera ndi mutu.

Anti anamasula mzere wonse uja. Anagawanso tsitsi, analigwira patsinde penipeni, nakoka mpaka khungu la pamphumi linakungika.

"Mayo!" anakuwa Kachipewa, misozi n'kuyamba kutsika. Analira mokweza, mapewa akugwedezeka, kulira koposa ululu wa tsitsi. Anti anaimitsa zala.

"Musasiye, Anti."

Anti anapukuta maso ake ndi phewa, poti manja onse anali m'tsitsi.

"Khala chete iwe," anatero. "Ukuyendetsa mutu."

Mwanayo anatsamira pa maondo ake akulirabe, ndipo Anti anatola tsitsi lina n'kukoka.