Oyilo Wofiira pa Chala Changa

Ntchito ya pagalaja ndinaipeza chifukwa cha lole ya mbatata. Inatifera pa boma pa Ntcheu tikuchokera ku Kandeu, ine ndili wokweza matumba. A Mbewe, eni galaja, anabwera kudzaiona, ndipo ataona kuti ndikuwapatsira sipanala yoyenera asanaitchule, anandiuza kuti ndibwere Lolemba. Ndinakhala nawo zaka zinayi, kuphunzira ndi manja, makamaka magiyabokosi.

Kenako anabwera Lonjezo, wochokera kukoleji, ndi satifiketi yake yoika m'galasi. Ankalankhula Chingerezi ndi makasitomala, ovololo yake yoyera ngati ya dokotala. Pasanathe mwezi a Mbewe anamupatsa makiyi a bokosi la zida, makiyi amene ine sindinawagwirepo. Sindibisa, nsanje inandidya. Mnyamatayo analibe chifukwa, ankandigawira ngakhale chipisi chake, ndipo zimenezo zinkangowonjezera kundinyansa.

Lachitatu lina kunabwera a Kachingwe, mphunzitsi wopuma wa ku Nzama, ndi galimoto yawo yakale ya otomatiki, yobiriwira, yaikulu ngati ngalawa. Galimoto imeneyo ndi imene inanyamula malemu akazi awo tsiku la ukwati, ndipo ana awo aakazi awiri anapita kutchalitchi m'menemo. Loweruka la sabata yomweyo unali ukwati wa mwana wawo wotsiriza. Anati pamtunda injini imangolira koma galimoto osakoka, giya imachedwa kulowa, ndipo oyilo wa giyabokosi amathira mobwerezabwereza koma pansi sipadontha kanthu.

A Mbewe anali pa ulendo wa kumaliro ku Sharpevale. Potuluka anati, “Lonjezo, iyi ndi yako. Mnzakoyu akuthandiza.” Ine wa zaka zinayi, wothandiza.

Kuyeza anayeza bwino, ndisaname. Anatenthetsa injini, kuimika galimoto pamalo athyathyathya, kuyendetsa ndodo ya giya m'magiya onse, n'kuzula dipisitiki, kandodo koyezera oyilo, injini ikulira. Oyilo anali wochepa, koma wofiira bwino, wosanunkha kupserera. Anathira, tinakayesa pamtunda, inakoka pang'ono, kenako n'kuyambanso kuterera. Kumbuyo kunkatuluka utsi woyera, iye anati ndi ukalamba wa injini. Anagamula kuti mapuleti a kilachi a m'kati atha, giyabokosi itsike.

Lachinayi m'mawa ndinalowa pansi kukamasula. Pambali pa giyabokosi yakale ngati imeneyo pali kachitini kotchedwa mojuleta, kolumikizidwa ku injini ndi kapaipi ka mpweya. Kapaipiko kamayenera kukhala kouma. Nditakazula, oyilo wofiira anandidonthera pa chala chachikulu.

Ndinadziwa pomwepo. Kalabala ka m'kati mwa mojuleta kanali katang'ambika, injini inkayamwa oyilo n'kumuwotcha. Utsi uja ndi umenewo, kuterera kuja n'kumeneko. A Mbewe anandiphunzitsa zimenezi chaka changa choyamba, ndipo mojuleta wina wakale anali m'kabati mwathu momwemo. Ntchito ya ola limodzi.

Lonjezo anawerama n'kundifunsa ngati zonse zili bwino pansipo. Ndinapukutira chala pa ovololo, n'kumuuza kuti abweretse jeki. Ndinkafuna a Mbewe adzaone okha satifiketi ija ikuchita manyazi. Za mkwatibwi sindinaganizeko n'komwe.

Tinatsitsa, tinatsegula. Mapuleti anali abwinobwino. Potsegulapo magasiketi okalamba aja anang'ambika ngati pepala lonyowa, silo imodzi yotchinga oyilo n'kuthyoka. Lonjezo anaimba mafoni ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo amene anali nazo anati zifika Lachiwiri.

Lachisanu masana a Mbewe anabwerako, a Kachingwe n'kufikanso ndi jumbo ya maliboni oyera okongoletsera galimoto. Anapeza giyabokosi yawo ili bwalabwala pa tebulo. Sanakalipe. Anakhala pa tayala lakutha, jumbo ili pa maondo, n'kumangoyang'ana. Lonjezo anagwada pamaso pawo kupepesa. Tsiku limene ndinkalilakalaka linali litafika, koma silinandikomere.

A Mbewe anazungulira tebulo, anatola mojuleta, n'kumugwedeza. Oyilo anatuluka. Anandikodola, tinapita kuseri kwa galaja.

“Kapaipi ka mojuleta anazula ndani?”

“Ndine, bambo.”

“Kanali kouma?”

Ndinayang'ana pansi. A Mbewe anati, “Uja walakwa chifukwa sankadziwa. Iwe ndinakuphunzitsa ndekha.” Sanandichotse ntchito, sanauzenso aliyense. Anangondiuza kuti nditsuke pikapu ya pagalaja, mawa ndikanyamule mkwatibwi ine.

Ndinaitsuka mpaka manja kutuwa, koma pikapu ya galaja ndi pikapu ya galaja basi. Maliboni aja tinamanga pa boneti yopindika. Mkwatibwi anakhala kutsogolo atakwinya diresi kuti lisakhudze ndodo ya giya. Titafika pa tchalitchi ku Nzama, a Kachingwe anandigwira dzanja ndi manja awiri. “Inu ndiye mwatipulumutsa, mwana wanga. Mnzanu uja musamunyoze, akuphunzira.” Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Lonjezo ndinamuuza ndekha zimene ndinachita Lachiwiri, tikubwezera giyabokosi. Chipisi chake sanandigawirenso mpaka pamene anasamukira ku Lilongwe.

Lero ndili ndi galaja yanga. Galimoto ya otomatiki ikabwera ikuterera, sindilola munthu kugwira jeki tisanayeze oyilo, kumununkhiza, kuyang'ana utsi ndi kuzula kapaipi kaja ngati kalipo. Ndipo chimene ndaona pansi pa galimoto ndimachinena ndikadali pansi pomwepo, ngakhale wotamandidwa nacho akhale wina. Galimoto yobiriwira ija tinaikonza, ikuyendabe, koma a Kachingwe analibenso mwana wina woti akwatiwe.