Chesi pa Kacholola, Madzi Asanaphwe

Mboni zanga ndi ziwili: mai wogulitsa nthochi pa Kacholola, amene anaona zonse koma anamwalila, ndi katekisiti wina amene ali moyo koma anali m'tulo. Mukawafunse.

Inali nthawi ya Chitaganya. Mtsinje unasefukila, malole anaima pamseu, pamene ine ntchito ya m'sitolo inali kundidikila ku Lusaka, yoti ukachedwa apatsa wina. Ndinayenda uku ndi uku mpaka mapazi anakumba ngalande. Ilipo mpaka lelo.

Malo anatsala amodzi, m'lole ya thonje. Dalaivala wake, bambo waimvi, anatulutsa bolodi la chesi.

"Mukandigonjetsa kamodzi, mukwela," anatelo.

Kwathu ku Ndake ndinali katswili wa dilafuti, ndipo wadilafuti aliyense adziwa kuti m'mphepete munthu sadyedwa. Atandionetsa mayendedwe, ndinathamangitsila asilikali anga m'mbali. Iwo analowa pakati ngati ng'ombe m'dimba eni ali kumalilo.

"Bambo, mseu uli pakati. Inu mukuyenda m'thengo," anatelo dalaivala.

Ulendo wachiwili ndinaunjika asilikali pakatipo. Iwo anangotulutsa hachi, n'kuika bishopu chapangodya, phee. Nditadzaza, anabaya ndi msilikali mmodzi wam'mbali, mulu wonse n'kugumuka.

"Si mwati pakati?" ndinafunsa.

"Ndati muziyang'anapo, sindinati musamukilepo ndi mphasa. Hachi uyu sanaulule kumene ndilowele. Pakhomo pa ana aakazi atatu suyamba n'kutchula dzina. Uyamba wapempha madzi akumwa."

"N'chifukwa chake simunakwatile," anatelo mai wa nthochi.

Kachitatu ndinatulutsa hachi, iwonso hachi. Ine bishopu chapangodya, iwonso. Tonse maso pakati, woponda palibe. Miyendo yanga inali kuvina yokha. Tinakhalitsa mpaka nthochi zosapsa za mai uja zinapsa, ndikulumbila.

Kenaka wina anakuwa kuti madzi aphwa. Malole anayamba kulilima. Koma ine kupambana ndinali ndisanapambane. Dalaivala anayang'ana mseu, anayang'ana bolodi, nadzikanda m'mutu.

"Simunandigonjetse," anatelo.

"Inunso simunatelo, bambo."

"Kwelani. Bolodi pamiyendo. Msilikali mmodzi akangosuntha, mutsika pa Luangwa."

Njila yonse ndinapuma mpweya kawili kokha. Ku Lusaka ananditsitsa ndili chipindile maondo, ngati mpando. Ntchito ndinaipeza. Masewelawo tinamalizila pakhonde la sitoloyo, ndipo anandigonjetsa.