Batire Inali Yodzaza

Nyengo yogula nshawa ndimagona m'kanyumba kamene ndinamanga kumbuyo kwa galimoto yanga. Muli batire yachiwiri yoyatsira getsi, imene ndinaikokera waya kuchokera ku alutaneta kuti izidzaza ndikamayenda. Pofika m'midzi ya ku Vubwi imakhala itadzaza kale.

Chaka chatha ndinaima pamudzi wina pomwe anthu ankangoyezetsa nshawa zawo n'kumapita. Masiku ankatha osacheza ndi munthu. Tsiku lina masana kunabwera bambo wina wachikulire, foni ili m'manja.

"Tandithandizani, bambo, yatha moto," anatero.

Ndinawanamiza. "Batire ya galimoto yatsika. Takhalani pansi, injini iyambe yaidzaza."

Ndinaliza injini, foni n'kuiika pambali osailumikiza. Dizilo ankangopsa pachabe, ine nditakhala pathumba la nshawa, kuwafotokozera za ng'ombe za malemu atate anga, mokuwa kuti andimve paphokosolo. Iwo ankangovomera ndi mutu, maso ali pafoni.

Dzuwa litapendeka anati, "Mwana wanga ndi woyembekezera, dzulo anapita naye kuchipatala ku Katete. Sindinamve ngati wachira."

Foni ija ndinailumikiza msangamsanga, n'kunena kuti batire yadzaza tsopano. Foni itangoyaka, inalira. Mdzukulu wawo anali atabadwa m'mawa ndithu.

M'mawa mwake bambo aja anandibweretsera nkhuku. "Munaotcha dizilo wanu chifukwa cha ine," anatero.

Ndinailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ndinaidya ndekha, m'kanyumba kaja.