Kamushafuti ya Alamu ndi Dongo la Che Imedi

Lachitatu lapitali ndinaima pa galaja ina pa Songani n'kumaonerera bambo wa imvi zake akumata dongo mkati mwa injini ya galimoto yanga. Dongo lenileni, loumbira mbiya.

Anayambitsa zonsezi ndi alamu anga amene amakhala ku Joni. Atabwera chaka chatha ndinawanyamula popita ku Zomba, ndipo tikukwera kamtunda ka ku Naisi anandifunsa mwaulemu ngati ndingakonde kuti atsike azikankha. Mwezi watha ananditumizira mphatso pa basi: kamushafuti yatsopano, yonyezimira. "Ikani imeneyi, alamu," anatero pa foni. "Nkhalamba yanu ija idzuka."

Kwa inu amene simunatsegulepo boneti: mu injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika. Pamwamba pawo pali mavavu, titseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Kamushafuti ndi chitsulo chachitali chokhala ndi zotupatupa, chimene chimakankha mavavuwo kuti atseguke. Ya alamu inali ya zotupa zikuluzikulu: imatsegula kwambiri n'kuchedwa kutseka. Musandiyese katswiri. Zonsezi ndazimva sabata yomweyi.

Changu ndinali nacho. Loweruka mwana wa achemwali anga, Tamanda, amakwatiwa ku tchalitchi cha pa Mishoni, ndipo ine atsibweni ake ndinalonjeza kunyamula mkwatibwi. Ndinkafuna ndifike injini ikubangula, akuchimuna adziwe kuti kumene akwatirako kuli anthu.

Makaniko wanga, Che Imedi, bambo wa imvi uja, anamanga kamushafutiyo m'mawa wa Lachitatulo. Inalowa bwinobwino, mabawuti onse n'kugwira. Ndinatulutsa kiyi.

"Bwezani kiyiyo m'thumba, bwana," anatero.

"Bwanji? Si yalowa?"

"Kulowa yalowa. Koma vavu ikamatsika, pisitoni ikukwera, akusiyirana malo okwanira? Mwafunsa?"

"Ndifunse ndani, pisitoni?"

"Eya. Ndi imene ndikufuna kufunsayo."

Anamasula mutu wonse wa injini. Kenako anapita kuseri kwa msika kwa mayi wina woumba mbiya, n'kubwerako ndi kambulu ka dongo. Analikanda ndi oyilo, n'kumata pamwamba pa pisitoni imodzi, n'kupaka oyilo pa mavavu kuti dongo lisakakamire. Anabwezera mutu ndi gasiketi yake yotseka mipata, n'kumanga lamba wozunguza kamushafuti. Ndiye anatenga sipanala yaitali n'kuyamba kuzunguza injini ndi manja, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru ngati akumvetsera miseche ya nyumba yoyandikana. Kawiri konse.

Ine ndinali nditakhala pa tayala, ndikuganiza za makaniko ena amene akanakhala atamaliza kalekale.

Atachotsanso mutu uja, pa dongo panali zidindo za mavavu. Che Imedi anadula ndi lezala pakati pa chidindo chilichonse, n'kuyeza ndi kachida kawo. Mbali yolowera mpweya anagwedeza mutu movomereza. Mbali yotulukira utsi sanavutike n'kuyeza komwe. Ananyamula kachidutswa n'kukaloza kudzuwa. Kanali kopyapyala ngati khoko la anyezi.

"Apa pamafunika mamilimita awiri n'kanthu," anatero. "Ndiye iyi ndi injini yozizira, ndikuzunguza ndi dzanja. Ikatentha zitsulo zimafufuma. Mukaponda moto vavu imachedwa kubwerera. Pisitoni sidikira munthu."

"Ndiye chikanachitika n'chiyani?"

"Phokoso limodzi lokha. Mavavu kupindika, mwina pisitoni kubooka. Mkwatibwi wanuyo akanakafika pa kabaza."

Ndinawaimbira alamu pompo. Anandiuza kuti ku Joni anyamata amangomanga n'kunyamuka, za dongo ndi za kumudzi. Che Imedi anapempha foni. "Achimwene, anyamatawo amasinthanso mapisitoni, kuika okumbika pamwamba. Mwatumizako amenewo?" Netiweki ya ku Joni inavuta nthawi yomweyo.

Njira zinali ziwiri: kupita ndi mapisitoni ku Blantyre akawaseme, kapena kubwezera kamushafuti yakale. Kunatsala masiku atatu. Tinabwezera yakale. Che Imedi anapukuta dongo lonse m'silinda, moyenda pisitoni muja, mosamala ngati akusambitsa khanda.

Loweruka ndinamunyamula Tamanda pa liwiro la masiku onse. Njinga yamoto yonyamula mbuzi inatipitirira. Anatsika pa tchalitchi velo yake ili yoyera, ndipo palibe wakuchimuna ndi mmodzi yemwe amene anaiyang'ana galimoto yanga.

Chandisowetsa mtendere si galimotoyo ayi. Ndi mawu anga aja akuti "si yalowa?" Mawu amenewa timakhalira omwewo ife kuno.

Aneba anga, aphunzitsi olemekezeka ndithu, anagula sofa ya m'kona ku Limbe osayeza chitseko. Analowetsa pogumula felemu. Lero kuti mufike kuchipinda chodyera mumayenda chammbali ngati nkhanu, koma mukawafunsa amati yalowa. Minibasi ya pa Songani kondakitala akakankha chitseko n'kutsekeka, ndiye kuti tonse takwana, ngakhale bondo la munthu wosamudziwa lili m'nthiti mwanu. Sukulu imalemba ana ambirimbiri, mayina onse n'kukwana m'kaundula, osafunsa ngati matako awo akwana pa benchi. Munthu timamukweza pa mpando chifukwa choti suti imamukhala, osafunsa kuti zinthu zikadzatentha adzagundana ndi ndani.

Zonsezi zimaoneka bwino zikadali zozizira, zitangoima. Zikayamba kuyenda ndi pamene timamva phokoso lija, n'kuyamba kufufuza amene watilodza.

Ndipo munthu woyeza sitimukonda. Ku ofesi kwathu alipo mayi wina amene msonkhano uliwonse, bwana akangolengeza chinthu chatsopano ife n'kuwomba m'manja, amakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Chikakhala pati? Adzachiyendetse ndani?" Tinamupatsa dzina loti Mabuleki. Ndinayambitsa dzinalo ndine, ndipo anthu anaseka kwambiri tsiku limenelo. Lolemba ndikamupeza pa tiyi, sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Kwanuko aliponso wotere, ndikudziwa. Mwina ku komiti ya tchalitchi, mwina m'nyumba momwemo, amene amakufunsani funso losasangalatsa inu kiyi ali kale m'manja. Mumamutchula dzina lanji akatuluka?