Nsapato Yosaponda Pansi

Inu amene mwatopa ndi kulankhula osamvedwa, tamvani za Ragab.

Chaka chimene Ragab analephera mayeso a sekondale n'chomwenso madokotala anadula mwendo wamanzere wa bambo ake, a Sobhi, chifukwa cha matenda a shuga. Pakhomo panalowa njala. Mnyamatayo anapeza ganyu yosunga nsapato za anthu pakhomo la mzikiti wa kwawo, kufupi ndi mzinda wa Minya. Anzake akudutsa ndi mabuku, iye ali pa nsapato za eni ake. Zinkamuwawa, osanama ayi.

Koma sanagonje. Anabwereza mayeso, n'kukhoza. Dokotala Nagat, mayi amene ankayeza mapazi a odwala shuga pa sikelo Lachiwiri lililonse, anamutenga kuti azilemba ziwerengero za odwala, n'kumuphunzitsanso kompyuta. Kachilonda kakangoyamba kuphazi lotsala la a Sobhi, mayi ameneyu ndiye ankakagwira msanga. Mulungu awadalitse anthu otere!

Kenaka kunamveka zoti khonsolo ikufuna kutseka sikelo ya Lachiwiri ija. Ragab anaganiza chinthu chimodzi chokha: mwendo wotsala wa bambo ake.

"Ukalankhule ndiwe," anatero Dokotala Nagat. "Manambala uli nawo."

Anapita kumsonkhano wa akuluakulu a khonsolo ndi masilaidi makumi anayi, masamba a pakompyuta oonetsa pakhoma, odzaza manambala mpaka m'mphepete. Kalanga ine! Akuluakulu aja ankangotakasa tiyi, wina kusinza kumene. Wapampando anati, "Zikomo mwana wanga, tidzagamula sabata yamawa."

Kunyumba anaonetsa bambo ake masilaidiwo. A Sobhi anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Ragab, ine mwini mwendo tulo tandipeza. Nanga iwowo?"

"Koma Ababa, zonsezi n'zoona!"

"Zoona, eya. Koma mwendo wanga uli pati pamenepa? Tasuzumira kunsi kwa bediko."

Kunsiko kunali nsapato zakumanzere zokhazokha, zatsopano. Kumsika sagulitsa nsapato imodzi, ndiye a Sobhi ankagula ziwiri n'kusunga inayo.

"Tenga imodzi. Ukawauze kuti ndi yanga, ine manyazi ndilibe."

Ragab anafufuta masilaidi onse, n'kupanga atatu okha. Anachonderera kuti amumvenso kachiwiri. Atalowa, anatulutsa nsapato ija m'kansalu.

"Mwana iwe, wapenga?" anakalipa wapampando. "Nsapato pamaso pa akulu?"

"Pepani a Haji, ndikudziwa kuti ndi mwano. Koma taonani kunsi kwake. Sinapondepo pansi. Ndi ya bambo anga."

Kenaka anayamba kuonetsa masilaidi ake.

Silaidi yoyamba inali chithunzi cha khomo la mzikiti pa swala ya Lachisanu: nsapato ziwiriziwiri, koma apa ndi apo imodzi yokha, atailemba mozungulira ndi mzere wofiira. Yachiwiri inali mzere umodzi woonetsa chiwerengero cha miyendo yodulidwa, wokwera chaka ndi chaka, kenaka wotsika kuyambira pamene sikelo inatsegulidwa. Yachitatu inali ndi mawu awiri: "Musatseke Lachiwiri."

Bambo amene anasinza uja anapempha kuti abwezenso chithunzi choyamba. Anachiyang'anitsitsa, n'kunena chapansipansi, "Iyo yakumapetoyo ndi ya mchimwene wanga."

Sikelo sinatsekedwe.

Lero Ragab amaphunzitsa anamwino kufotokoza ziwerengero mogwira mtima, ndipo sayamba phunziro asanatchule Dokotala Nagat ndi bambo ake. Lachisanu lililonse akafika pamzikiti amayang'ana kaye pakhomo. Akaona nsapato imodzi ya a Sobhi ili pomwepo, yafumbi, yakutha kunsi, amathokoza Mulungu misozi ili lengelenge. Mkuluyo wabwera yekha, akuyenda.

Inunso ngati anakusinzirani koyamba, musafooke. Manambala anu ali ndi eni ake. Kawapezeni, mubwerere mukalankhulenso. Osataya mtima, abale anga.